Handulo ya chitseko ikamagwedera: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene anthu amafunsa mobwerezabwereza handulo ya chitseko cha m'nyumba ikayamba kugwedera, kulendewera kapena kuzuka. Oyambawo ndi osavuta, apatsogolo ndi ozamirapo. Ngati nthawi yakucheperani, werengani lachitatu musanagwire chida chilichonse, chifukwa ntchito yonse yagona pamenepo.

Handulo ikugwedera koma chitseko chikutsegukabe. Kodi n'kofunika kuikonza panopa?

Inde. Handulo ikangoyamba kusewera, aliyense amene waigwira amakulitsa vutolo pang'ono. Masikuluwu amagwedezeka m'mabowo mwawo n'kumadya thabwa, chitsulo chapakati chimakhulana ndi bowo lake mpaka makona kudyeka, ndipo ntchito imene ikanatha m'mphindi zisanu imadzafuna loko watsopano.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kuwonongeka kwa zitsulo. Handulo yogwedera imadzazuka tsiku lina chitseko chili chotseka, ndipo kawirikawiri mkatimo mumakhala munthu. Akakhala mwana, nkhalamba kapena wodwala ali kubafa, nkhani imakula. Moto utabuka usiku, handulo ya kuchipinda iyenera kutsegula mukangoitsitsa kamodzi.

Kodi mkati mwa handulo muli chiyani?

Zinthu zake n'zochepa. Pali chogwirira chenichenicho, chimene dzanja limatsitsa kapena kupotokola. Pali puleti, chitsulo chophwatalala chimene chimagona pa thabwa la chitseko: ina imakhala yaitali yokhala ndi bowo la kiyi, ina yaing'ono yozungulira. Ndiye pali kachitsulo ka makona anayi kodutsa chitseko kuchoka mbali ino kufika mbali inayo. Amisiri amakatcha spindle, koma pano tizingoti chitsulo chapakati. Pa mahandulo ambiri chimakhala cha mamilimita 8 mbali iliyonse, ngakhale kuti ku France chofala ndi cha mamilimita 7.

Chitsulochi chimadutsa m'bowo la makona anayi la mu loko, yemwe anakwiriridwa m'kati mwa chitseko. Mukatsitsa handulo, chitsulo chapakati chimatembenuka, bowo lija limatembenuka nacho, ndipo lilime la loko, kachitsulo kopendeka kotulukira m'mphepete mwa chitseko, limalowa mkati. Mukasiya, sipuling'i imabwezera zonse m'malo mwake. Kugwedera kulikonse kumachokera pamalo amodzi mwa malo amene zinthuzi zimalumikizana.

Ndingadziwe bwanji chimene chakhwefuka kwenikweni?

Anthu ambiri amalakwitsa pano. Amatenga sikuludiraiva n'kumanga sikuluwu iliyonse imene yaoneka, handulo n'kumagwederabe, iwo n'kuwonjezera mphamvu mpaka bowo kuphwasuka. Yambani ndi maso ndi zala.

Tsegulani chitseko ndipo muikepo kathabwa kapena nsanza pansi pake kuti mphepo isachitseke. Chikhale chotsegula mpaka ntchito yonse ithe. Ndikubwereza dala mfundo imeneyi: wochotsa handulo chitseko chili chotseka amadzitsekera yekha.

Tsopano ikani chala chachikulu pa puleti, dzanja linalo ligwedeze handulo. Puleti ikamasuntha pa thabwa limodzi ndi handulo, vuto lili pa masikuluwu a puletiyo, ndipo limeneli ndiye lofala kuposa onse. Puleti ikakhala nji koma handulo ikamasololoka mukaikokera kwa inu, ngati ikufuna kutuluka, chakhwefuka ndi kasikuluwu kakang'ono ka pakhosi pa handulo. Handulo ikamatsika ulere kamtunda ndithu lilime lisanayambe kulowa, ndiye kuti makona a chitsulo chapakati kapena a bowo lake adyeka. Ikamagona chopendekera pansi osabwerera yokha, vuto ndi sipuling'i.

Pomaliza suzumirani m'mphepete mwa chitseko pamene mukugwedeza. Nthawi zina mahandulo onse awiri amakhala bwinobwino, koma loko yense ndi amene akuvina m'dzenje lake chifukwa masikuluwu awiri omugwira m'mphepetemo amasuka. Ameneyu n'ngosavuta, mungomanga awiriwo.

N'zotheka kupeza mavuto awiri kapena atatu pachitseko chimodzi, makamaka ngati chakhala chikugwedera miyezi yambiri. Lililonse lili ndi funso lake m'munsimu.

Ndikufunika zida zanji?

Sikuludiraiva ya mutu wamtanda, ina ya mutu wophwatalala, ndi timakiyi ta makona asanu ndi limodzi totchedwa Allen key, makamaka ta mamilimita 2.5 ndi 3. Pulaya, guluu woyera wa matabwa ndi timitengo ta machesi zimafunika vuto likakhala lokulirapo.

Chofunika kwambiri n'chakuti sikuludiraiva ikwane bwino m'mutu wa sikuluwu. Masikuluwu amtanda alipo mitundu iwiri yofanana maonekedwe. Wa Phillips, umene unafala m'zaka za m'ma 1930, uli ndi mtanda wokha. Wa Pozidriv, umene unabwera m'ma 1960, uli ndi timizere tina tinayi tating'ono pakati pa mikono ya mtandawo. Pa sikuludiraiva amalembapo PH kapena PZ, ndipo saizi yogwira ntchito kwambiri pa zitseko ndi PH2 ndi PZ2. Mukasokoneza mitundu iwiriyi, chidacho chimaterereka n'kudya mutu wa sikuluwu.

Masikuluwu a puleti akuoneka. Ndingomanga basi?

Inde, koma mwadongosolo. Sikuluwu imamangika mukaizungulitsa mbali imene mivi ya wotchi imayendera. Musamalize imodzi kenako n'kupita pa ina. Imikani puleti mowongoka, mangani iliyonse pang'ono, yapamwamba kenako yapansi, yesani handulo, ndiye mumalizitse. Kanikizani sikuludiraiva mwamphamvu kuloza m'chitseko pamene mukuzungulitsa, ndipo mukangomva kuti yagwira, lekani. Pa ntchito imeneyi dzanja ndi labwino kuposa makina a batire, chifukwa dzanja limamva pamene thabwa latsala pang'ono kugonja, pomwe makina amangopitirira. Chitani chimodzimodzi mbali inayo ya chitseko ngakhale ikuoneka yolimba.

Sindikuona sikuluwu iliyonse. Handulo imeneyi anaimanga bwanji?

Masikuluwu alipo, angobisika pansi pa chophimba. Pa mahandulo a puleti yozungulira, chimene mukuonacho nthawi zambiri ndi chivundikiro chabe. Ena chivundikirocho chili ndi mazinga, mumachigwira ndi dzanja n'kuchizungulitsa ngati chotsekera botolo. Ena anangochikanikizira, ndipo m'mphepete mwake, kawirikawiri chapansi, pamakhala kampata kolowetsa nsonga ya sikuludiraiva yophwatalala. Ikani kansalu kapena kakatoni pakati pa chida ndi chitseko kuti penti isakalike, ndiye munyamule pang'onopang'ono. Yambani mwayesa kuzungulitsa musanatokose, chifukwa chivundikiro cha mazinga chikatokosedwa chimapindika.

Mahandulo ozungulira ngati mpira, amene amabwera ndi loko wake pamodzi, ali ndi njira yawo. Pakhosi pa handulo ya mbali ya mkati pamakhala kabowo kapena kampata kopyapyala. Mukakanikiza mmenemo ndi kawaya kolimba kapena sikuludiraiva yaing'ono uku mukukoka, mpirawo umasololoka. Kenako chotsani chivundikiro, ndipo mudzapeza masikuluwu awiri ataliatali amene amalumikiza mbali zonse ziwiri. Amenewo ndiwo ofunika kumanga.

Nanga kasikuluwu kakang'ono ka pakhosi pa handulo ndi kantchito yanji?

Kamatsina chitsulo chapakati kuti handulo isasololoke. Kalibe mutu, kamamira kwathunthu m'kabowo ka pansi kapena m'mbali mwa khosi, n'chifukwa chake ambiri sakadziwa kuti kalipo. Masikuluwu opanda mutu oterewa anatchuka m'mafakitale, kumene mitu ya mabawuti a pa zitsulo zozungulira inkakola zovala za antchito n'kuwavulaza. William G. Allen wa ku Hartford, m'dera la Connecticut ku America, analandira chiphaso cha luso lake lopangira masikuluwu okhala ndi bowo lolowetsamo kiyi m'chaka cha 1910, ndipo dzina la Allen key linachokera ku kampani yake.

Pomanga, kankhirani kaye mahandulo onse awiri ku chitseko mpaka atsamire bwino pa mapuleti awo, ndiye mumange kasikuluwuko. Yang'anitsitsani chitsulo chapakati: zambiri zimakhala ndi kangalande kapena mng'alu mbali imodzi, ndipo nsonga ya kasikuluwu iyenera kulowa m'kangalandemo. Ngati amene anamanga poyamba anatembenuza chitsulocho molakwika, nsongayo imangokanda pamalo osalala ndipo handulo imasololokabe ngakhale mumange bwanji. Chisololeni, chitembenuzeni kuti kangalande kayang'anizane ndi kabowo, mubwezeremo.

Allen key ikhale ya saizi yeniyeni. Yocheperako imazungulira mkatimo n'kufafaniza makona, ndipo kasikuluwu kotero n'kovuta kwambiri kukatulutsa.

Sikuluwu ikungozungulira osagwira. Ndichite chiyani?

Bowo lakula. Mazinga a sikuluwu amafuna thabwa loti alume, ndipo thabwa la pamenepo lasanduka ufa. Njira yake ndi kubwezeramo thabwa.

Chotsani handulo ndi puleti, uzirani m'bowomo kuti fumbi lituluke. Tengani timitengo ta machesi, thothani mitu yake, tiviikeni mu guluu wa matabwa n'kutilowetsa m'bowo limodzi limodzi mpaka kotsiriza kalowe movutikira. Totsalira kunja tithyoleni kapena tidulireni ndi mpeni kuti pakhale posalala. Pukutani guluu wotayikira ndi kansalu konyowa.

Kenako dikirani. Apa mpamene ambiri amagwa mphwayi, amabwezera sikuluwu guluu akadali wamadzi, timitengo n'kumangozungulira limodzi ndi sikuluwuyo. Guluu woyera amagwira pakapita ola limodzi kapena kuposerapo, koma mphamvu zake zonse zimabwera pakatha maola 24. Kuona maso a nkhono n'kudekha: siyani chitseko chopanda handulo usiku umodzi, mutamata lilime la loko ndi tepi kuti chisadzitseke. M'mawa boolani kabowo kakang'ono kotsogolera pakati penipeni, ndi kamsomali kapena chobowolera cha mamilimita 2, ndiye mumange sikuluwu.

Bowo likakhala lalikulu moti machesi sangathandize, likuzeni bwinobwino ndi chobowolera, musememo kamtengo kouma kokwana bwino, mukakhomeremo ndi guluu. Musadzazemo pepala, pulasitiki kapena phala lomatira ming'alu ya khoma. Zimenezi zimagwira masiku ochepa kenako zimanyenyeka, ndipo bowo limakhala lakula kuposa kale.

Bwanji ndingoika sikuluwu yaitali?

Pa mahinjesi nzeru imeneyi imathandiza, koma pa handulo samalani. Zitseko zambiri za m'nyumba n'zochindikala mamilimita 35 mpaka 44, ndipo pakati pake anakumbapo dzenje la loko. Thabwa lotsala mbali iliyonse ya loko n'lopyapyala, nthawi zina longopitirira pang'ono sentimita imodzi. Sikuluwu yaitali imakagunda bokosi la loko, n'kulephera kumira, kapena imalikanikiza mpaka zitsulo za mkati kuuma. Ngati mukufuna kusintha, sankhani yonenepako pang'ono koma yautali womwewo, bola ikwane m'bowo la puleti ndipo mutu wake ukhale bwino.

Chitseko changa n'chamkati mwa mphako. Masikuluwu sakugwira konse.

Zitseko zopepuka zosalala zimakhala ndi timatabwa tiwiri topyapyala kunja, mkati muli makatoni olukidwa ngati zisa za njuchi. Opanga amaikamo chipika cha thabwa pamalo a loko, koma kawirikawiri mbali imodzi yokha, ndipo amalemba chizindikiro pamwamba pa chitseko kusonyeza mbaliyo. Woika chitseko akapanda kulabadira n'kuchitembenuza, loko amagwera kumphako, ndipo masikuluwu amangoluma kathabwa ka mamilimita atatu kapena anayi. Gogodani ndi chala mozungulira handulo, mphako imamveka. Pa chitseko chotere machesi amangogwera mkati. Mankhwala ake ndi mabawuti odutsa.

Mabawuti odutsa ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani amisiri amawakonda?

Ndi mabawuti amene amalowa pa puleti ya mbali ino, kudutsa chitseko chonse, n'kukamangika m'kachubu ka mazinga kolowera pa puleti ya mbali inayo. Ambiri ndi a saizi ya M4, kutanthauza onenepa mamilimita 4. Mapuleti awiriwo amakokana okha, chitseko chili pakati, choncho kulimba kwa handulo sikudaliranso mmene thabwa lilili.

Kwa ine iyi ndiyo njira yokhalitsa pa chitseko chilichonse chimene chimatsegulidwa kambirimbiri patsiku, ndipo ndimadabwa kuona mabawutiwa atasiyidwa m'paketi chifukwa womanga anaona kuti masikuluwu a thabwa n'ngachangu. Maloko ambiri ali kale ndi timabowo tiwiri m'mbali mwa bowo la makona anayi, totalikirana mamilimita 38, todutsa mabawuti a puleti yozungulira. Pa puleti yaitali, mabawuti amadutsa pamwamba ndi pansi pa bokosi la loko, choncho tulutsani loko kaye muone pamene bokosilo lathera musanaboole.

Boolani kuchokera mbali zonse ziwiri, mabowo akumane pakati. Mukaboola ulendo umodzi kuchokera mbali imodzi, chobowolera chimapatuka ndipo thabwa limang'ambika potulukira. Bawuti ikatalika, iduleni ndi sowo ya zitsulo n'kusalaza nsonga yake. Ena amabwera ndi timipata todulira kale. Pa chitseko cholowera m'nyumba, mitu ya mabawuti ikhale mkati kuti munthu wa kunja asathe kumasula.

Handulo yalendewera pansi ndipo sibwerera yokha. Kumanga masikuluwu kungathandize?

Ayi, vuto limeneli ndi la sipuling'i, ndipo masipuling'i angakhale pawiri: m'handulo momwemo kapena mu loko. Kuti mudziwe yolakwa, chotsani mahandulo onse awiri. Gwirani puleti m'manja n'kutsitsa handulo. Ikabwerera mwamphamvu, ili bwino. Ikagwa ulesi, tembenuzani puleti muone kumbuyo kwake: mudzapeza kamphete kachitsulo kotsegula mbali imodzi kogwira khosi la handulo, pansi pake pali washala ndi sipuling'i yopindidwa. Nthawi zambiri mudzaiona yothyoka kapena yochoka pa kandowe kake.

Sipuling'i imasinthika. Jambulani chithunzi ndi foni musanamasule kuti mukumbukire mmene zinthu zinasanjikirana. Kamphete kaja kamauluka pochotsa, choncho phimbani ndi dzanja ndipo nkhope ikhale patali. Dziwaninso kuti masipuling'i ambiri a mtundu umenewu ali ndi yakumanja ndi yakumanzere, mutenge yakaleyo pokafuna ina.

Mahandulo onse akakhala bwino, lowetsani chitsulo chapakati mu loko, chitembenuzeni ndi pulaya n'kusiya. Lilime likatuluka mwaulesi kapena osatuluka, sipuling'i ya mu loko ndiyo yatopa. Pali mahandulo ena amene analibe sipuling'i chipangidwire, amadalira ya mu loko basi, ndipo handulo yolemera pa loko wa sipuling'i yofewa imalendewera ngakhale zonse zili zatsopano.

Handulo ikutsika koma lilime la loko silikulowa. Chathyoka n'chiyani?

Ngati zikuchitika mbali imodzi yokha, mwina chitsulo chapakati n'chachifupi ndipo chasunthira mbali inayo, kusiya handulo ino yopanda chogwira. Chiyenera kulowa mokwanira m'mahandulo onse awiri. Pezani chachitali ndipo muchidule molingana ndi chitseko chanu. Mwinanso bowo la m'khosi mwa handulo ladyeka n'kukhala lozungulira. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi mahandulo onyezimira opangidwa ndi chitsulo chofewa cha zinki, chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Yotere sikonzeka, imafuna ina.

Zikachitika mbali zonse ziwiri, yesani loko ndi pulaya monga tafotokozera pa funso la sipuling'i. Chitsulo chikamazungulira lilime lili chete, chathyoka ndi chamkati mwa loko ndipo loko ameneyo asinthidwe. Kusewera kukakhala kochepa, kachidutswa ka chitini kopyapyala kokulungidwa pa chitsulo chapakati kamachepetsa mpatawo kwa kanthawi, pamene mukufunafuna chatsopano.

Handulo yazuka m'manja ndili mkati, chitseko chili chotseka. Nditsegula bwanji?

Musamenye chitseko. Yang'anani pamene panali handulo. Chitsulo chapakati chikakhala kuti chikuonekabe, bwezeranipo handuloyo mosamala, osachikankhira kunja, n'kutsitsa uku mukukanikizira ku chitseko. Pulaya imagwiranso ntchito. Chikakhala kuti chagwera mbali inayo, bowo la makona anayi la mu loko limaonekera. Lowetsanimo chinthu cholimba chokwana kuchokera pa kona kufika pa kona, monga sikuludiraiva yophwatalala yaikulu, chogwirira cha supuni kapena sizasi yotseka, n'kutembenuzira mbali imene handulo imatsikira.

Loko akakhala wothyoka mkati, chotsala n'kukankha lilime lenilenilo. Khadi lolimba la pulasitiki kapena mpeni wopyapyala wolowetsedwa pakati pa chitseko ndi felemu umatha kulibweza ngati wafika ku mbali yake yopendeka. Njirazi zimabweza lilime lokha, chitseko chokhomedwa ndi kiyi chimafunabe kiyi.

Ndinamanga bwinobwino koma pakapita milungu ingapo imagwederanso. Chikulakwika n'chiyani?

Kawirikawiri wolakwa si handulo, ndi chitseko. Handulo anaipangira kutembenuza kachitsulo kakang'ono, koma chitseko chikamakakamira pa felemu, anthu amaisandutsa chokokera ndi chokankhira, ena mpaka kuiyedzamira ndi thupi lonse. Masikuluwu aafupi aja sangapirire zimenezo.

Tsekani chitseko pang'onopang'ono mukuyang'ana. Kodi chikukhula pansi kapena pamwamba pa felemu? Mangani masikuluwu a mahinjesi, makamaka apamwamba, chifukwa ndi amene amanyamula kulemera kwambiri ndipo akakhwefuka chitseko chimawerama. Kodi lilime likulowa momasuka m'kachitsulo ka pa felemu, kapena mumachita kukankha kapena kunyamula chitseko kuti lilowe? Pakani choko kapena pensulo pa lilime, tsekani, ndipo chizindikiro chidzakuonetsani pamene pakugundana. Kupala kachitsuloko pang'ono ndi tupa kapena kukasuntha mamilimita awiri kumathetsa vuto limene lakhala likudya mahandulo zaka zambiri. Matabwa amafufumanso mpweya ukakhala wachinyontho n'kubwerera kukauma, ndipo kusinthasintha kumeneku kumamasula masikuluwu pakokha.

Ngati chitseko chikutseka bwino koma kasikuluwu ka pakhosi kapena mabawuti ndi amene amamasuka okha, ikani kadontho ka mankhwala ogwira mazinga. A Loctite abuluu amalola kudzamasula ndi chida wamba, ofiira amafuna kutenthetsa kaye, choncho pa handulo gwiritsani ntchito abuluu. Kadontho ka penti ya zikhadabo kamathandizanso. Mankhwalawa ndi a chitsulo pa chitsulo, pa thabwa alibe ntchito.

Ndamanga, tsopano handulo yauma ndipo sibwerera. Ndalakwitsa pati?

Mwathinitsa, kapena mapuleti awiriwo sakuyang'anizana ndipo chitsulo chapakati chadutsa chopendekera. Masulani masikuluwu onse pang'ono, tsitsani handulo kangapo kuti zinthu zipeze malo ake, ndiye mumangenso pang'onopang'ono mukuyesa. Ikauma mukangomanga sikuluwu inayake, imeneyo ndi imene ikukoka puleti kapena kugunda loko. Onaninso ngati bowo la m'thabwa lodutsa chitsulo chapakati ndi lalikulu mokwanira, komanso ngati chitsulocho sichinatalike kwambiri n'kumakankha mahandulo.

Mutu wa sikuluwu wadyeka kapena wachita dzimbiri. Ndiitulutsa bwanji?

Chotsani kaye penti ndi litsiro m'mutumo ndi nsonga ya msomali. Ikani sikuludiraiva yoyenera, igogodeni kumbuyo ndi hamala kawiri kapena katatu kuti ikhazikike komanso dzimbiri lisweke, ndiye muzungulitse mukukanikiza kwambiri. Kalabala kophwatalala koikidwa pakati pa chida ndi mutu kamathandiza ukakhala kuti wadyeka pang'ono. Mutu ukatulukira kunja, ugwireni ndi pulaya kapena muchekepo mzere ndi sowo ya zitsulo kuti sikuludiraiva yophwatalala ilowe. Zonsezi zikakanika, boolani mutuwo mpaka uduke, chotsani puleti, ndipo chotsalacho muchipotokole ndi pulaya. Sikuluwu yotere musaibwezerenso.

Kodi ndithire mafuta?

Mafuta sachiza kugwedera, koma handulo yofewa siikakamizidwa, choncho imakhalitsa. Popeza mwamasula kale, pakani girisi pang'ono pa sipuling'i ndi pakhosi pozungulira, ndi kadontho ka oilo wa makina pa lilime. Mafuta ophikira ayi, amamata pakapita nthawi n'kugwira fumbi. WD-40, mafuta opopera amene anapangidwa mu 1953 kuti azithamangitsa chinyontho pa zitsulo, ndi wabwino pomasula zadzimbiri ndi kutsuka, koma n'ngopepuka ndipo sakhalitsa ngati girisi. M'bowo la kiyi mumafunika ufa wa graphite, chinthu chakuda chija cha m'kati mwa pensulo. Kukhula nsonga ya pensulo pa kiyi n'kumulowetsa kangapo kumachita zomwezo.

Nanga chitseko chikakhala chachitsulo kapena cha aluminiyamu?

Kufufuza kwake n'chimodzimodzi, koma machesi ndi guluu sizigwira ntchito. Bowo likakula, ikani sikuluwu yodzicheka mazinga yonenepako pang'ono, kapena mabawuti odutsa. Pomanga mabawuti pa chitseko cha mphako chachitsulo musathinitse kwambiri, chifukwa chitsulo chopyapyala chimabonyokera mkati n'kutsina loko. Pa zitseko za pulasitiki yolimba yotchedwa uPVC zimene handulo yake mumaikweza m'mwamba pokhoma, mabawuti awiri a mbali ya mkati ndiwo amagwira zonse. Handulo yotere ikayamba kufuna mphamvu pokweza, musaikakamize, chitseko chawerama ndipo chikufunika kuwongola pa mahinjesi makina a loko asanathyoke.

Ndaganiza zogula handulo ina. Ndiyeze chiyani kuti ikakwane?

Njira yosalakwitsa ndi kunyamula handulo yakale pamodzi ndi chitsulo chapakati. Ngati n'kosatheka, muyeso wofunika kwambiri pa puleti yaitali ndi mtunda wochokera pakati pa bowo la makona anayi kufika pa bowo la kiyi. Maloko a kiyi wamtundu wakale opangidwa motsatira miyeso ya ku Britain amakhala ndi mamilimita 57, ambiri a miyeso ya ku Germany 72, ndipo a zitseko za uPVC kawirikawiri 92. Mukaphonya muyeso umenewu kiyi salowa. Yezaninso kuchindikala kwa chitseko, ndipo puleti yatsopano ikhale yaikulu mokwanira kuphimba mabowo akale. Ikakhala yotalikirako ndi bwinonso, chifukwa masikuluwu ake amakaluma thabwa latsopano.

Mukasintha loko yemwe, yezani kuchoka m'mphepete mwa chitseko kufika pakati pa bowo la makona anayi. Miyeso yofala ndi mamilimita 44 ndi 57 pa maloko a ku Britain, 60 ndi 70 pa a ku America. Lilime la maloko ambiri limatembenuzika kuti ligwirizane ndi mbali imene chitseko chimatsegukira. Posankha, nyamulani handulo m'manja, suzumirani m'bowo la m'khosi muone ngati makona ake ndi akuthwa bwino, ndipo funsani ngati muli mabawuti odutsa m'paketimo.

Ndi liti pamene ndiyenera kuitana kalipentala kapena mmisiri wa maloko?

Thabwa lozungulira loko likang'ambika kapena likafumbwa moti mukalitsina ndi chikhadabo likunyenyeka, palibe sikuluwu imene ingagwire. Pamafunika kudula malo ofookawo n'kulumikizapo thabwa lina, ndipo imeneyo ndi ntchito ya kalipentala. Itananinso mmisiri ngati loko wathyoka chitseko cholowera m'nyumba chili chokhoma, ngati loko ndi wokhoma malo angapo nthawi imodzi, kapena ngati chitsekocho ndi chotchinga moto m'nyumba zosanjikizana, chifukwa mabowo owonjezera angachichepetse mphamvu yake. Amene mukuchita lendi, kumanga sikuluwu palibe amene angakuletseni, koma musanaboole chitseko kapena kusintha loko, kambiranani ndi eni nyumba, ndipo loko wakaleyo ndi makiyi ake muwasungire.